Mafunso a Owerenga: Ngati Autism Ilibe Mankhwala, Mwana Angathandizidwe Bwanji?

Makalata ambiri amene afika pa tebulo lathu mwezi uno akukhudza ana amene ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu, mwina chifukwa cha tsiku la 2 April, limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2007 kuti anthu aziganizira za vutoli chaka ndi chaka. Tasankhapo anayi, tawafupikitsa pang'ono, ndipo mayina a eni ake tawabisa monga mwa masiku onse.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna wakwanitsa zaka zinayi koma salankhula. Ali ndi chaka ndi theka ankatha kunena kuti "mama" ndi "tiyi", kenako mawuwo anasowa. Ndikamuitana satembenuka, koma ndikangokhudza pepala la bisiketi kuseri kwa nyumba amathamangira komweko. Amaswera pakhonde akundandalika zitsekerero za mabotolo, ndipo wina akasuntha chimodzi amalira mpaka kudzigwetsa pansi. Akafuna madzi amagwira dzanja langa n'kuliika pa ndowa, osandiyang'ana kumaso. Kuchigayo sindipita naye chifukwa amatseka makutu n'kumakuwa. Kuchipatala anandiuza kuti ali ndi autism ndipo ilibe mankhwala. Apongozi anga akuti bambo ake anamukhwimira kuti golosale yathu iyende. Ngati mankhwala palibe, ndiye kuti ndingokhala n'kumamuyang'ana? Mayi wa ku Ntcheu.

YANKHO: Mayi, a kuchipatala anakuuzani zoona, koma anakuuzani mbali imodzi yokha. Palibedi piritsi, jakisoni kapena mankhwala achikuda amene amachotsa autism, chifukwa si matenda olowa m'thupi monga malungo. Ndi mmene ubongo wa munthu unakulira kuyambira ali m'mimba, ndipo amakhala nayo mpaka kukalamba. Mbali imene sanakuuzeni ndi yakuti mwana wotere amaphunzira, ndipo zimene angaphunzire zimadalira kwambiri anthu amene amadzuka naye m'nyumba imodzi tsiku lililonse, kuyambira inuyo.

Ndiyambe ndi apongozi anu, popeza ndikuona kuti mawu awo ndi amene akukusowetsani tulo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 aliwonse ali ndi autism, ndipo anyamata amapezeka nayo kwambiri kuposa atsikana. Ana amenewa amabadwa kwa eni magolosale, kwa abusa, kwa madokotala, ndi kwa anthu osowa ndi mchere womwe. Kufunafuna munthu womuloza chala si khalidwe la kwathu kokha. Dokotala wina dzina lake Leo Kanner atafotokoza za ana 11 otere mumzinda wa Baltimore ku America mu 1943, panapita zaka zoposa 20 akatswiri ena akuphunzitsa kuti olakwa ndi amayi, ati chifukwa chosaonetsa chikondi kwa ana awo, ndipo amayi ambiri anakalamba akudziimba mlandu umene sanapalamule. Kafukufuku wa ana amapasa, kuyambira amene anatuluka ku Britain mu 1977, ndiye anaonetsa kuti mbali yaikulu ya autism imayenda m'magazi, popanda wina kuchitira dala. Bambo ake sanamukhwimire. Zakuti mwana anali ndi mawu angapo kenako n'kusowa zimaopsa, ndipo ndi zimene zimathamangitsira anthu kwa asing'anga, koma zimachitikira ana ambiri a autism pakati pa chaka ndi theka ndi zaka ziwiri.

Musanachite china chilichonse, pemphani kuti amuyeze makutu. Ndamva kuti pepala la bisiketi amalimva, koma mwana akhoza kumva phokoso lina osamva bwino mawu a munthu, makamaka ngati anadwalapo malungo a mu ubongo kapena ankatuluka mafinya m'khutu. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli malo oyezera makutu, ndipo ku Lilongwe kuli chipatala cha makutu cha ABC. Muwauzenso a chipatala ngati mwanayo amakomoka, kapena amangoti duu kwa kanthawi maso ali tong'o, chifukwa matenda a khunyu amapezeka kawirikawiri mwa ana a autism, ndipo iwowa ali ndi mankhwala.

Tsopano tibwerere ku ndowa ija. Mwalemba kuti mwana wanu salankhula, koma m'kalata yomweyo mwandiuza kuti amagwira dzanja lanu n'kuliika pa ndowa. Pamenepo akukuuzani kuti ali ndi ludzu, ndipo akudziwa kuti inu ndi amene mungamuthandize. Poyambira ndi pomwepo. Mawa akadzatero, musafulumire kutunga madzi. Gwadani kuti nkhope yanu iyang'anizane ndi yake, gwirani kapu pafupi ndi tsaya lanu, nenani liwu limodzi lokha lakuti "madzi", kenako dikirani mukuwerenga chamumtima mpaka khumi. Akakuyang'anani ngakhale pang'ono chabe, akatulutsa kamawu kalikonse, kapena akaloza kapuyo, mupatseni madzi nthawi yomweyo, koma ochepa, kuti abwerenso kudzapempha. Akapanda kuchita kanthu mupatsenibe, pakuti cholinga si kumulanga ndi ludzu. Chitumbuwa musamupatse chonse, muzimunyemera pang'onopang'ono, kuti chidutswa chilichonse chikhale mpata wa phunziro lomwelo. Ife akuluakulu timakonda kumuthira mwana wotere mafunso, "ichi n'chiyani, tanena kuti mama, nena," mpaka mawu athu amasanduka phokoso ngati la chigayo chimene amachiopacho. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo makolo ambiri amene ayesa njirayi amati chovuta kuposa zonse ndi kutseka pakamwa pa nthawi yodikira ija.

Zitsekerero zija musamulande. Khalani pambali pake ndi zanu m'manja, ndandalikani mzere wanu, muzichita zimene iye akuchita osamuuza chochita. Masiku oyamba akhoza kukukankhani kapena kukufulatirani. Ndinaonapo mayi wina amene anachita zimenezi ndi timiyala kwa milungu itatu popanda chosintha, ndipo tsiku lina, atafumbata mwala womaliza osauika pamzere, mwana uja anasiya zimene ankachita, anayang'ana dzanjalo, kenako anakweza maso n'kuyang'ana mayi ake. Mayiyo anatambasula dzanja osanena zambiri, mwana anatenga mwala wake, ndipo mayi uja anakalirira kukhitchini. Kuyang'anana kotere, kupatsana chinthu ndi kudikirana ndiwo maziko amene kulankhula kumamangidwapo.

Ngati mawu akuchedwa, mupatseni njira ina yopemphera. Mu 1985, Andy Bondy ndi Lori Frost a ku Delaware ku America anayambitsa njira yotchedwa PECS, imene mwana amaphunzira kupereka kwa munthu wamkulu chithunzi cha chinthu chimene akufuna, n'kulandira chinthucho. Makhadi ogula safunika. Dulani chithunzi cha pa paketi ya bisiketi, muchimate pa katoni, ndipo munthu wachiwiri, kaya mchemwali wake, akhale kumbuyo kwa mwanayo n'kumugwira dzanja kuti akupatseni khadilo. Ana ena zithunzi sazimvetsa msanga, choncho mukhoza kuyamba ndi zinthu zenizeni, kapu izitanthauza kumwa, supuni izitanthauza phala, nsapato zizitanthauza ulendo. Makolo ambiri amaopa kuti zithunzi ndi zizindikiro za manja zimupatsa mwana ulesi wolankhula, koma kafukufuku sanapeze zotero, ndipo chimene chimaoneka kawirikawiri n'chakuti kulira ndi kudzigwetsa kumachepa mwana akakhala ndi njira yonenera chimene akufuna.

Zimenezi si nzeru za m'mutu mwanga. Ku Britain, akatswiri otsogoleredwa ndi Jonathan Green wa ku Manchester anatsatira mabanja 152 a ana a zaka ziwiri mpaka zinayi, ndipo theka la makolowo linaphunzitsidwa kuona ndi kuyankha tizizindikiro ting'onoting'ono ta ana awo, poonera mavidiyo a iwo eni akusewera ndi anawo. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2016, patapita zaka pafupifupi 6, zinaonetsa kuti ana a makolo ophunzitsidwa aja ankachezabe bwinopo ndi makolo awo ndipo zizindikiro zawo zinali zocheperako, ngakhale kuti autism sinachoke. Njira yomweyo inayesedwanso ku Goa ku India ndi ku Rawalpindi ku Pakistan, kumene ophunzitsa makolo sanali madokotala koma anthu ofanana ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi yathu. Bungwe la WHO nalo linakonza maphunziro a makolo a ana a zaka 2 mpaka 9, okhala ndi misonkhano 9 ya pagulu ndi maulendo atatu a kunyumba, ndipo ayesedwa kale ku Ethiopia ndi ku Kenya.

Munthu woona mtima sangakulonjezeni tsiku limene mwana wanu adzalankhule. Ena amalankhula mochedwa n'kufika patali, monga Temple Grandin, amene anadutsa zaka zitatu asanayambe kulankhula koma anadzakhala pulofesa wa za ziweto ku Colorado State University. Ena amakhala ndi mawu ochepa, ndipo ena salankhula ndi pakamwa moyo wawo wonse koma amaphunzira kuvala, kusamba, kupita kuchimbudzi okha ndi kuuza anthu zofuna zawo m'njira zina, zimene si zinthu zazing'ono. Kuchigayo musamukakamize, chifukwa phokoso limene kwa ife n'longosowetsa mtendere, kwa iye limapweteka ndithu. Funsani ku chipatala cha boma lanu za ogwira ntchito yolimbitsa ziwalo ndi kuthandiza ana olumala, ndipo dziwani kuti a St John of God, amene ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, amagwira ntchito ndi ana otere, komanso kuli bungwe la makolo a ana olumala la PODCAM. Kupemphera pitirizani ngati kumakulimbitsani mtima, koma aliyense amene anganene kuti mwanayo asale kudya, amenyedwe kuti ziwanda zituluke, atemedwe mphini kapena adulidwe pansi pa lilime, mukanireni pamaso.

FUNSO: Ine ndi banja langa timakhala ku Johannesburg. Mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu anapezeka ndi autism. Malo ena olipira atiuza kuti afunika maphunziro a ABA maola 30 pa mlungu, ndipo mtengo wake ukuposa malipiro anga. Pagulu lina la WhatsApp akugulitsa madontho otchedwa MMS amene akuti amachiritsa, akutiuzanso kuti tisiye kumupatsa mkaka ndi buledi, ndipo akuti katemera ndi amene anamuwononga. Tsopano mayi a kunyumba akukana kuti khanda lathu likabayitse katemera wa chikuku. Ndichite chiyani? Bambo wa ku Nkhotakota, okhala ku Joni.

YANKHO: Bambo, ndiyamba ndi katemera chifukwa ndi nkhani imene singadikire. Kumene mphekesera imeneyi inachokera kukudziwika. Mu 1998, dokotala wa ku London dzina lake Andrew Wakefield anasindikiza m'magazini ya madokotala ya The Lancet nkhani ya ana 12 okha, n'kuchititsa anthu kukhulupirira kuti katemera wa MMR, woteteza chikuku ndi matenda ena awiri, amayambitsa autism. Pambuyo pake zinadziwika kuti munali chinyengo, ndipo iye ankalandira ndalama kudzera kwa loya amene ankakonza zosumira makampani opanga katemerayo. Mu 2010 magaziniyo inachotsa nkhani ija ndipo Wakefield analandidwa chilolezo chogwira ntchito ya udokotala ku Britain. Kafukufuku wa ku Denmark amene anatuluka mu 2019 anatsatira ana oposa 650,000 ndipo anapeza kuti obayidwa katemera sanapezeke ndi autism kuposa osabayidwa, ngakhale pakati pa ana amene abale awo ali ndi autism, monga khanda lanulo. Chimene chimasokoneza makolo n'chakuti zizindikiro za autism zimayamba kuonekera pa msinkhu womwewo umene ana amalandira akatemera. Koma chikuku chimapha, ndipo mu 2010 momwemo anthu oposa 130,000 anadwala chikuku ku Malawi, pafupifupi 300 n'kumwalira. Mayi a kunyumba musawakalipire, pakuti akuchita zimenezi poopa kuti zimene zinachitikira woyamba zingachitikirenso wachiwiri. Pitani nawo limodzi kukiliniki, afunse okha mafunso awo onse, ndipo khandalo libayidwe.

Madontho a MMS musawalowetse m'nyumba mwanu. Amatulutsa chlorine dioxide, mankhwala a gulu limodzi ndi oyeretsera zovala, ndipo bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza anthu za iwo mu 2010 ndi mu 2019. Mwana akamwa amasanza ndi kutsegula m'mimba, ogulitsawo n'kumati ndiye kuti zoipa zikutuluka. Palinso ena amene amalonjeza kusuka zitsulo m'magazi, ndipo mu 2005 mnyamata wa zaka zisanu anamwalira ku Pennsylvania ku America akulandira mankhwala otero. Za mkaka ndi buledi, kafukufuku sanapeze umboni wogwira mtima wakuti kusiya zakudyazi kumachepetsa autism, ndipo ana ambiri otere amasankha kale zakudya kwambiri, moti kuwachotsera ziwiri mwa zochepa zimene amalola ndi kuwaitanira matenda osowa zakudya m'thupi. Ngati mukuona kuti chakudya china chimamupweteka m'mimba, imeneyo ndi nkhani ina yoti mukambirane ndi dokotala.

ABA ndi yosiyana ndi zimenezi, chifukwa ndi njira yeniyeni yophunzitsira. Imagawa luso m'magawo ang'onoang'ono, monga kusamba m'manja kuyambira potsegula mpopi mpaka popukuta, ndipo mwana akachita bwino gawo lililonse amalandira chinthu chimene amakonda. Inatchuka ndi Ivar Lovaas wa ku Los Angeles, amene mu 1987 analemba kuti mwa ana 19 amene anaphunzitsidwa maola 40 pa mlungu, 9 anafika pophunzira m'makalasi wamba popanda thandizo. Chiwerengero chimenechi ndi chimene chimagulitsa ABA mpaka lero, koma kafukufukuyo anali ndi zofooka, ndipo ofufuza amene anabwera pambuyo pake sanapezenso zotsatira zazikulu chotero. Ana ambiri amapinduladi, makamaka pa chilankhulo ndi luso la tsiku ndi tsiku. Komabe akuluakulu ambiri a autism amene anadutsamo ali ana amadandaula kuti ankawaphunzitsa kubisa chimene ali, monga kuwaletsa kukupiza manja ndi kuwakakamiza kuyang'ana anthu m'maso, ndipo mawu awo ndi ofunika kuwamvera popeza ndiwo eni nkhani. Za maola, kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu 2021 anayerekeza ana aang'ono ophunzitsidwa maola 15 pa mlungu ndi ophunzitsidwa maola 25, ndipo sanapeze kusiyana kwenikweni pa zotsatira za magulu awiriwo.

Maganizo anga ndi akuti musalowe ngongole ya katapila chifukwa cha maola 30. Zipatala za boma ku South Africa zili ndi akatswiri ophunzitsa kulankhula ndi ophunzitsa ntchito za tsiku ndi tsiku, ngakhale kuti mzere wake umakhala wautali, ndipo bungwe la Autism South Africa lili mu Johannesburg momwemo. Ngati mungakwanitse maola ochepa olipira, sankhani malo amene amakulolani kukhala m'chipindamo n'kumaonerera, amene amakuphunzitsani zokachita kunyumba, ndiponso amene zolinga zawo ndi zimene mwanayo akufunikiradi, monga kupempha, kukana ndi kudzisamalira. Mukaona kuti amamumana chakudya, amamupanikiza pampando akulira, kapena safuna kuti makolo alowe, mutengeni mwana wanu muzipita.

FUNSO: Ndimaphunzitsa Sitandade 2 ndipo ndili ndi ana oposa 100. Muli mtsikana wa zaka 8 amene amawerenga bwino kuposa anzake, koma ndikamufunsa funso amangobwereza mawu anga omwewo. Ana akayamba kuyankhira limodzi mokweza, iye amatseka makutu n'kuthawira panja. Anzake amamutcha wamisala. Mayi ake akuti kuchipatala anatchulapo za autism. A hedi akuti apite ku sukulu ya ana olumala, koma kuno kulibe. Ndingatani ndili ndekha? Mphunzitsi wa ku Mchinji.

YANKHO: Aphunzitsi, mwana amene amawerenga kuposa anzake malo ake ndi m'kalasi mwanumo. Dziko la Malawi linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene limati ana otere aziphunzira limodzi ndi anzawo, ndipo kumuuza kuti apite ku sukulu imene kulibe ndi kumuuza kuti akakhale pakhomo. Sindikunamizani kuti ndi ana 100 mungamupatse chisamaliro chonse chimene akufunika, koma pali zinthu zingapo zosafuna ndalama zimene zimasintha kwambiri tsiku la mwana wotere.

Kubwereza mawu anu si chipongwe. Ana ambiri a autism amaphunzira chilankhulo m'zidutswa zathunthu, ndipo kubwereza funso nthawi zambiri kumatanthauza kuti walimva koma sakudziwa poyambira yankho. Popeza amawerenga, mulembereni funsolo pa kapepala ndi mayankho awiri oti asankhepo, kapena muyambireni chiganizo iye amalize. Njira ya TEACCH, imene Eric Schopler anaikhazikitsa ku North Carolina ndipo boma la kumeneko linaitenga mu 1972, inamangidwa pa mfundo yakuti ana amenewa amamvetsa msanga zimene akuona kuposa zimene akumva, ndipo amakhazikika mtima akadziwa chimene chikubwera. Lembani ndondomeko ya tsiku pa katoni, Chichewa, masamu, phala, buleki, ndipo iye azichonga chilichonse chikatha. Ngati mawa kudzabwera alendo kapena mukaphunzirira pansi pa mtengo, muuzeni lero.

Mukhazikeni kutsogolo chakumbali, pafupi ndi khomo, osati pakati pa chigulu. Musanauze kalasi kuti iyankhire limodzi, mupatseni chizindikiro, ndipo mugwirizane naye malo amodzi, kaya pakhonde pamene mukumuona, pamene angakakhale phokoso likamukulira n'kubwerera yekha. Mwana amene waloledwa kutuluka kwa mphindi zisanu sathawira kutali ngati amene akuopa chikwapu. Sankhani atsikana awiri odekha azikhala naye pa buleki, ndipo dzina lija la wamisala mulithetse inuyo poyera, chifukwa ana amatengera mmene mphunzitsi akumuonera mnzawoyo. Kudzera kwa a PEA a zoni yanu, funsani ku ofesi ya maphunziro pa boma za mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, ambiri mwa iwo ophunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, kuti adzamuone ndi kukulangizani.

FUNSO: Ndikulera mdzukulu wanga wa zaka 14 amene mayi ake anamwalira. Salankhula, usiku sagona, amadziluma padzanja mpaka magazi, ndipo akapeza mpata amasowa mpaka tikamupeze kudambo. Ndikamapita kumunda ndimamumangirira ndi chitenje pa mtengo wa mango, chifukwa ndilibe womusiyira. Kuchipatala anatiuza kuti ndi autism n'kutipatsa mapiritsi a risperidone. Wasiya kulusa koma wanenepa kwambiri ndipo masana amangosinza. Kodi ndimusiyitse? Kalatayi wandilembera ndi mwana wa mchemwali wanga. Gogo wa ku Phalombe.

YANKHO: Agogo, musamusiyitse mapiritsiwo mwadzidzidzi, koma musangokhalanso chete. Mankhwala a risperidone sachiza autism. Anavomerezedwa ku America mu 2006 kuti azichepetsa kulusa ndi kudzivulaza mwa ana a autism, ndipo kunenepa ndi kusinza zimene mukuonazo ndi zovuta zake zodziwika bwino. Kunenepa kotere kukhoza kubweretsa matenda a shuga, choncho mnyamatayo afunika kumakwera sikelo kawirikawiri, ndipo dokotala akhoza kuchepetsa mlingo kapena kusintha nthawi yomwera kuti tulo tizibwera usiku.

Mwana wosalankhula akamadziluma nthawi zambiri amakhala akunena chinthu chimene alibe mawu ake. Pemphani kuti amuone mano, makutu ndi m'mimba, chifukwa dzino lobowoka kapena kudzimbidwa kwa masiku ambiri kumabisala kuseri kwa zimene anthu amazitcha kulusa. Mwana wa mchemwali wanu uja akuthandizeni kulemba m'kope kwa milungu iwiri nthawi imene wadziluma, chimene chinachitika asanatero, ndi chimene anthu anachita pambuyo pake. Mukhoza kupeza kuti amatero akakhala ndi njala, mukamanyamula khasu, kapena akakhala nthawi yaitali wopanda chochita.

Za chitenje, sindikuimbani mlandu, pakuti ndikudziwa kuti mukuopa madzi a kudambo, ndipo mantha anuwo ndi oona, chifukwa kumira m'madzi ndi ngozi yaikulu kwa ana a autism amene amasowa pakhomo. Komabe kumangidwa kumavulaza thupi, kumawonjezera ukali, ndipo mnyamata womangidwa sangathawe moto, njoka kapena munthu wa maganizo oipa. Pa msinkhu wakewo yesani kupita naye kumunda n'kumupatsa ntchito imodzi yobwerezabwereza imene ili ndi mapeto ooneka, monga kutola nandolo kudzaza lichero, kutong'ola chimanga kapena kuthirira ndiwo zamasamba ndi kheni. Muyambe ndi mphindi zochepa, mukugwira naye limodzi, chifukwa anyamata ambiri otere amakonda ntchito imene siisintha, ndipo thupi lotopa limagonanso bwino usiku.

Katunduyu ndi wolemera kwa munthu mmodzi. Pitani kwa a mfumu kuti nkhani ya mdzukulu wanu idziwike m'mudzi monse, aliyense womuona akulowera kudambo azimubweza, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Musokereni kansalu m'kati mwa malaya kolembedwa dzina la mudzi ndi nambala ya foni ya wachibale. Ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma funsani ngati banja lanu lingaganiziridwe pa Mtukula Pakhomo, ndipo funsaninso za alangizi a bungwe la MACODA, limene ambiri timalidziwa ndi dzina lakale la MACOHA. Popita kuchipatala mutenge buku lake la kuchipatala, mapiritsi onse amene atsala, ndi kope lija, ndipo muwauze a dokotala maola amene amagona masana ndi amene amagona usiku.